Befu ndi phuma kwa akulu obadwa ndi vuto la mtima

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse amabadwa ndi mtima wosapangika bwino, monga wokhala ndi chibowo pakati pa zipinda zake. Ambiri amakula n'kumagwira ntchito zawo, koma ena amayamba kuchita befu pokwera chitunda, kutsokomola usiku ndi kulira m'chifuwa, ndipo kawirikawiri amauzidwa kuti ali ndi mphumu.

Nthawi zina imakhaladi mphumu, koma gwero lake likhozanso kukhala mtima. Chibowo chimapangitsa magazi ochuluka kupita m'mapapo, ndipo mitsempha ikadzaza, timachubu ta mpweya timatupa n'kumapanikizika msanga tikangokumana ndi utsi, fumbi kapena mphepo yozizira. Mtima ukafooka, madzi amadzadzanso m'mapapo, ndipo kulira kwa m'chifuwa kumafanana kwambiri ndi kwa mphumu. Amene anachitidwa opaleshoni ya pachifuwa ali ana nawonso nthawi zina mapapo awo satha kufufuma mokwanira, ngakhale mtima unakonzedwa bwino.

Kusiyanitsa zimenezi n'kofunika chifukwa cha mankhwala. Salbutamol, amene amapopera m'kamwa, amatsegula njira za mpweya koma amathamangitsa mtima, pamene mankhwala ena a mtima monga propranolol amatha kupanikiza njira zomwezo. Choncho musabwereke mankhwala opopera a mnzanu, ndipo musasiye mapiritsi a mtima popanda kufunsa dokotala. Mukafika kuchipatala, nenani za vuto la mtima wanu musanafunsidwe, onetsani buku lanu lachipatala, ndipo pemphani kuti ayeze mtima ndi makina ounikira, kuchuluka kwa mpweya m'magazi komanso mphamvu ya mapapo. Kutsokomola kwa milungu iwiri kapena kupitirira kumafunanso kuyezetsa chifuwa chachikulu.

Kunyumba pewani fodya, phikani pamalo odutsa mphepo, ndipo musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda ngakhale kuzizire motani m'mwezi wa Juni. Mayi amene ali ndi vutoli akambirane ndi dokotala asanatenge pakati, chifukwa magazi akamathamanga kwambiri m'mitsempha ya m'mapapo, mimba imaika moyo wake pachiswe.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukalephera kupuma mutagona chagada, mapazi akatupa, milomo ikada, mukakomoka kapena mukatsokomola magazi.