Doko la Nsanje: Shire anayamba kale kukana sitima

Okotobala akangofika nkhani ya doko la Nsanje imadzukanso, wina amaponya pa Facebook chithunzi cha chikonkire chija m'mbali mwa Shire, pansi pake ndemanga mbwee, ena akuti Bingu anali ndi masomphenya koma a Mozambique anatichita kaduka, ena akuti zinali ndalama zoponya m'madzi basi. Onsewa amayambira pa 23 Okotobala 2010, tsiku limene Bingu wa Mutharika anatsegulira dokoli pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo Armando Guebuza osabwera, chombo cha feteleza chimene anthu ankadikira chitagwidwa ndi boma la Mozambique pa Zambezi cha ku Marromeu. Zonsezo zinachitikadi. Koma ine ndimaona kuti mlanduwu unagamulidwa kale kwambiri, agogo athu asanabadwe, ndipo anagamula ndi mtsinje weniweniwo.

Za Livingstone tisatayepo nthawi, tinaphunzira ku pulayimale: 1858 analephera kudutsa mathithi a Cahora Bassa pa Zambezi, 1859 anakhotera mu Shire ndi kasitima kake Ma Robert, mathithi a kumtunda kwa Chikwawa anamuimitsanso, kunyanja anakafika wapansi. Chofunika nchakuti kuyambira pamenepo khomo la dziko lino linali madzi. Ilala yoyamba ya amishoni mu 1875 inadzera momwemu, pamathithi anaiphwasula anthu nkuisenza pamutu zidutswazidutswa kukailumikizanso kumtunda. Kampani ya African Lakes, ija tinaitcha Mandala, inayamba 1878 ikudalira njira yomweyi, ndipo khofi, minyanga, kenako thonje ndi fodya, zonse zinkatsika ndi Shire.

Poyamba katundu ankazungulira ku Quelimane, kukwera ndi kamtsinje ka Kwakwa, kenako pamutu mpaka pa Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti pa Chinde, pamodzi mwa pamene Zambezi amathira m'nyanja, sitima zikhoza kulowa kuchokera kunyanja yamchere, ndiye mu 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano lakuti Zambezi ndi Shire ziyendedwe mwaufulu, a Britain nkupatsidwa kamalo pa Chinde ka lendi ya zaka 99 koti azitsitsirapo katundu wa Nyasaland. Pangano limeneli anthu ena kwathu kuno amalitchulabe mpaka lero ngati umboni wakuti tili ndi ufulu pa madzi aja. Ndimawamvetsa, koma anasaina ndi atsamunda awiri, ndipo kamalo ka pa Chinde a Britain anakasiya okha mu 1923.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Shire amamwa m'nyanja ya Malawi, nyanja ikatsika naye amatsika, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyanja inayamba kutsika chaka ndi chaka. Sitima zija zinali zathyathyathya pansi, zopalasa ndi chigudumu kumbuyo, zoyendera nkhuni, zopangidwira dala madzi osaya, komabe zinayamba kutitimira mumchenga. Poyamba zinkafika kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa, amtengatenga nkukwera nawo katundu phiri lonse lija mpaka Blantyre. Madzi atachepa doko linabwerera ku Chiromo pamene Ruo amathira mu Shire. Pa Chiromo napo panayamba kuvuta m'chilimwe, doko nkubwereranso ku Port Herald, yomwe ndi Nsanje yathuyi, nchifukwa chake njanji ya Shire Highlands imene inatsegulidwa 1908 inakayambira ku Port Herald. Sizinathere pomwepo ayi, ngakhale pa Port Herald miyezi yambiri pachaka sitima sizinkafika, mpaka mu 1915 njanji anaitalikitsa kukafika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi. Taonani mmene doko likuthawira kummwera, Katunga, Chiromo, Port Herald, Chindio, pasanathe ndi zaka 30 zomwe. Cha m'ma 1915 momwemo nyanja inatsikiratu, mchenga ndi zomera zinatseka potulukira madzi ku Mangochi, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 Shire wakumunsi ankangodalira Ruo ndi timitsinje tina.

Pofika 1935 pamene nyanja inakweranso nkuphulitsa mchenga uja, zinthu zinali zitasintha kale. Njanji ya ku Beira inali itafika pa Zambezi mu 1922, chaka chomwecho namondwe anaphwasula Chinde, ndipo 1935 yomweyo mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi, wautali makilomita oposa 3 ndi theka, unatsegulidwa. Madzi anabwerera koma katundu anali atazolowera njanji. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njira ya Beira m'ma 1980 tinayamba kulipira mathiraki mtunda wautali mpaka Durban ndi Dar es Salaam, ndipo ululu umenewo, wogula feteleza ndi mafuta modula chifukwa chosowa gombe, ndi umene Bingu ankafuna kuuchiza. Kuchoka Nsanje kufika Chinde amati ndi makilomita 238 okha, munthu ukamva nambala imeneyo mtima umadumphadi.

Pa za 2010 mbali ziwirizi zimanena zosiyana. A Mozambique amati Malawi, Zambia ndi iwo anagwirizana mu 2007 kuti payambe pachitika kafukufuku, ndiye Malawi anathamanga kumangitsa doko ndi Mota-Engil nkutumiza chombo kafukufukuyo asanachitike. Apa akunena zoona, ndipo ngakhale amene timamukonda Bingu tivomereze. Akwathu amati Mozambique sinkafuna kutaya ndalama za madoko a Beira ndi Nacala, izinso sizopanda mutu, dziko lililonse limateteza mphika wake. Kafukufuku atachitika ndi ndalama za African Development Bank, kampani ya ku Germany ya Hydroplan nkupereka lipoti mu 2015, aliyense anawerengamo zomukomera: ku Lilongwe anagwira mawu akuti zombo zikhoza kuyenda, ku Maputo anagwira akuti sizingabweze ndalama ndipo zingaononge chilengedwe. Mawu awiri onsewo amakumana pamchenga womwe uja. Mtsinjewu umafuna kuukumba chaka chilichonse osapumira, kuchotsa namasupuni, kuika zizindikiro za njira imene imasuntha madzi akasefukira, ndipo lero matope achuluka kuposa nthawi ya Mandala chifukwa mapiri tinameta, amene anaona madzi a 2015 ndi a Freddy mu 2023 akudziwa zimene Ruo amabweretsa.

Chimene chimandiwawa ine ndi anthu a ku Nsanje, amene anauzidwa kuti tauni yawo isanduka mzinda, ena anasamutsidwa pamalo awo, achinyamata ankayembekezera ntchito. Bingu anamwalira Epulo 2012 chombo chonyamula katundu chisanakocheze pa doko lija. Panopa pakonkire paja pamakocheza mabwato a asodzi ndi a anthu owoloka kupita tsidya la Mozambique, ndipo ndalama za boma zalowera ku njanji ya Marka kupita Bangula, yolumikiza ku Mutarara ndi Beira, njira yomwe ija ya 1915 ndi 1935.