Kuunika ubongo ndi makina a MRI pa matenda a multiple sclerosis

Multiple sclerosis, imene madokotala amaitchula mwachidule kuti MS, ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumawononga myelin, chikuto cha mafuta chimene chimakuta mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana monga pulasitiki amakutira waya wa magetsi. Chikutochi chikawonongeka, munthu amatha kuchita dzanzi, kufooka miyendo, kumva chizungulire kapena kusiya kuona bwino ndi diso limodzi. Mu 2020 anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo amafala kwambiri kumaiko ozizira monga Canada ndi Scotland, makamaka mwa amayi a zaka za pakati pa 20 ndi 40.

Chovuta n'chakuti matendawa amawononga mwakachetechete. Zilonda zatsopano zimatha kubuka mu ubongo kambirimbiri wodwala asakumva chilichonse, ndipo n'chifukwa chake makina a MRI, amene amajambula zithunzi za m'kati mwa thupi, ali ofunika kwambiri. Makinawa anayamba kuonetsa zipsera za MS mu 1981 pa chipatala cha Hammersmith ku London, ndipo kuyambira mu 2001 ndondomeko ya McDonald, imene madokotala amatsatira potsimikiza matendawa, imadalira kwambiri zithunzi zake.

Pa zithunzi za mtundu wa T2, malo owonongeka amaoneka ngati timadontho toyera, ndipo dokotala amatiwerenga n'kuyerekeza ndi zithunzi zakale kuti aone ngati tawonjezeka. Akabaya wodwala jakisoni wa gadolinium, mankhwala othandiza kuti zithunzi zioneke bwino, zilonda zimene zikutukusira pa nthawiyo zimawala, pamene zipsera zakale siziwala. Pa zithunzi za T1, madontho akuda amene sakutha amasonyeza pamene mitsempha yeniyeniyo inafa. Chinanso chimene amayeza ndi kukula kwa ubongo, chifukwa wa munthu wodwala MS umanyala msanga kuposa wa mnzake wa msinkhu womwewo, ngakhale kuti kuyeza kumeneku kumafuna kompyuta ndiponso zithunzi za zaka zingapo.

Komabe chithunzi pachokha sichinena zonse. Kachilonda kamodzi ka mumsana kangathe kulepheretsa munthu kuyenda, pamene wina wa madontho ambiri mu ubongo akugwira ntchito zake bwinobwino. Madontho oyera amabweranso ndi ukalamba, kuthamanga kwa magazi ndi mutu waching'alang'ala, ndipo kuno kwathu, kumene MS sipezeka kawirikawiri, dokotala ayenera kuyamba waganizira za HIV, chifuwa chachikulu ndi chindoko.

Makina a MRI amagwiritsa ntchito maginito amphamvu, osati cheza cha ekisire, ndipo kujambula kumatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi. Sikupweteka, koma makinawo amachita phokoso ndipo muyenera kugona osagwedezeka. Musanalowe, auzeni achipatala ngati muli ndi chitsulo m'thupi, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, vuto la impso kapena pakati.

Ngati muli pa mankhwala a MS, kawirikawiri mudzafunsidwa kujambulidwa kamodzi pa chaka, ndipo musaphonye tsikulo chifukwa choti mukupeza bwino, pakuti madontho atsopano ndi amene amauza dokotala kuti mankhwalawo akufunika kusintha. Sungani zithunzi zanu zakale, ndipo ngati n'kotheka muzijambulidwa pa makina omwewo kuti kuyerekeza kukhale kolondola.