Mmene Lipabuliki ya Aroma Inathera Maudindo Onse Ali Chikhalire

Ambiri timamudziwa Augustus chifukwa cha kalembera amene amatchulidwa mu Uthenga wa Luka, ndipo timamuona ngati mfumu yaikulu, koma mwiniwakeyo sanalole kutchedwa mfumu. Aroma ankanyansidwa ndi ufumu kuyambira m'chaka cha 509 BC pamene, malinga ndi mbiri yawo, anathamangitsa mfumu yawo yomaliza, Tarquinius Superbus. Funso lofunika ndi lakuti zinatheka bwanji kuti anthu odana ndi ufumu motere adzagonjere munthu mmodzi, pomwe zisankho, Seneti ndi maudindo zinali zikadalipo.

Boma limene linalowa m'malo mwa mafumu, lotchedwa lipabuliki, linakonzedwa kuti mphamvu zisaunjikane pa munthu mmodzi. Atsogoleri aakulu, otchedwa ma consul, anali awiri, ankalamulira chaka chimodzi chokha, ndipo aliyense ankatha kuletsa zimene mnzake walamula. Seneti, imene kwa nthawi yaitali inali ndi mamembala pafupifupi 300, inkayang'anira chuma cha boma ndi ubale ndi mayiko ena. Anthu wamba, atanyanyala n'kutuluka mumzinda m'chaka cha 494 BC, anapatsidwa owaimira otchedwa ma tribune, amene ankatha kuimitsa chigamulo cha akuluakulu ndipo kuwachita chipongwe unali mlandu waukulu. Tisaganize kuti imeneyi inali demokalase monga tikuidziwira lero, chifukwa akazi ndi akapolo sankavota, ndipo posankha ma consul anthu ankavota m'magulu 193, mwa amene 98 poyamba anali a anthu olemera okhaokha.

Chimene chinagwetsa dongosololi, mmene ine ndikuonera, ndi nkhani ya malo ndi asilikali. Msilikali wa Roma poyamba anali mlimi wokhala ndi munda wake, amene ankadzigulira yekha zida, kumenya nkhondo, n'kubwerera kukakolola. Nkhondo zitafika kutali, ku Spain, ku Greece ndi ku Carthage, mzinda umene unawonongedwa mu 146 BC, mlimi uja ankatha zaka asanaone kwawo, ndipo olemera ankameza minda ing'onoing'ono pamodzi ndi malo a boma, n'kumalimitsa akapolo ogwidwa kunkhondo komweko. M'chaka cha 133 BC tribune wina, Tiberius Gracchus, anakhazikitsa lamulo lakuti munthu asakhale ndi malo a boma oposa mahekitala pafupifupi 125, ndipo otsalawo agawidwe kwa osauka. Gulu la maseneta linamupha pamodzi ndi omutsatira pafupifupi 300, ndipo mng'ono wake Gaius anafa imfa yachiwawa mu 121 BC. Apa m'pamene Seneti inalakwa kwambiri, pakuti inaonetsa kuti mkangano wa ndale ungathetsedwe ndi zibonga, ndipo inasiya vuto la malo lili chomwecho.

Mkulu wa nkhondo Gaius Marius atalemba usilikali anthu opanda malo mu 107 BC, analimbitsa kusintha kumene kunali kutayamba kale. Msilikali wopanda munda ankayembekezera kuti mkulu wa nkhondo amene akumutsogolera ndiye adzamupezera malo akadzapuma, motero mtima wake unali kwa mkuluyo osati kwa boma. Sulla anaguba ndi asilikali ake kukalanda mzinda wa Roma mu 88 BC, Julius Caesar anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali ake n'kulowa mu Italy mu 49 BC, ndipo atalandira ulamuliro wopanda malire a nthawi, anaphedwa pa 15 Marichi mu 44 BC.

Octavian, amene Caesar anamusiyira dzina ndi chuma, anaphunzirapo kanthu pa imfa imeneyi. Atagonjetsa Antony ndi Cleopatra ku Actium mu 31 BC, analengeza mu 27 BC kuti akubweza boma m'manja mwa Seneti ndi anthu, ndipo Seneti inamupatsa dzina lakuti Augustus komanso ulamuliro wa zigawo monga Gaul, Syria ndi Spain, kumene kunali asilikali ambiri. Mu 23 BC anatula udindo wa consul n'kulandira mphamvu za tribune popanda kukhala tribune, ndipo mu 12 BC anakhalanso mkulu wa ansembe. Pafupifupi mphamvu iliyonse imene anali nayo inali yodziwika kale m'mwambo wa lipabuliki. Chachilendo chinali chakuti zonse zinali pa munthu mmodzi, wopanda mnzake womuletsa ndiponso wopanda tsiku lotulira pansi. Boma linasanduka ngati nkhokwe imene kunja ikuoneka yolimba koma chimanga chinachotsedwamo kale.

Tiyenera kuvomereza kuti Augustus anathetsa vuto limene Seneti inalephera. Anasunga magulu a nkhondo 28 okhazikika, ndipo mu AD 6 anakhazikitsa thumba lapadera lolipirira asilikali opuma, limene ndalama zake zinkachokera ku misonkho monga wa magawo 5 pa 100 alionse a chuma chamasiye. Anthu otopa ndi nkhondo zapachiweniweni analandira mtendere umenewu mokondwa, ndipo ine sindingawadzudzule, ngakhale kuti mtengo wake unali waukulu.

Iye atamwalira mu AD 14, Tiberius, amene analowa m'malo mwake, anachotsa zisankho m'manja mwa anthu n'kuzipereka ku Seneti. Popeza pamaso pa malamulo ufumu kunalibe, panalibenso lamulo lomveka lonena za wolowa m'malo, motero asilikali ndiwo ankagamula pakabuka mkangano. M'chaka cha AD 69 anthu anayi analamulira motsatizana, ndipo mu AD 193 asilikali olondera mfumu, atapha Pertinax amene ankalamulira nthawiyo, anagulitsa ulamuliro kwa Didius Julianus, amene analonjeza ndalama zambiri kuposa wopikisana naye.