Musanalipire pleya ya Blu-ray, itembenuzeni muwerenge kumbuyo

Tsiku lina bambo wina wachikulire anabwera pa shopu yanga atanyamula pleya ya Blu-ray m'jumbo. Inali yatsopano, pulasitiki wa pamwamba asanamatulidwe n'komwe. Mng'ono wawo amene amakhala ku America ndiye anatumiza.

"Amisiri, ndangoilumikiza kusoketi, yangoti phu! Kenako kafungo. Chalakwika n'chiyani?"

Ndisanagwire sikuludiraiva ndinayamba ndaitembenuza. Pa kachikwangwani ka kumbuyo panalembedwa 120V, 60Hz. Magetsi athu kuno ndi 230V, 50Hz. Bolodi ya magetsi inali itapsa. Imeneyo ndinakonza, koma nkhani sinathere pomwepo: zimbale zawo zisanu ndi chimodzi, zomwe anagula ku Johannesburg, pleyayo inazikana zonse. Tibwererako.

Mwina mukufunsa kuti masiku ano a intaneti munthu akalimbane ndi zimbale chifukwa chiyani. Amene anayesapo kuonera filimu ya maola awiri pa bandulo ya pa foni yankho akulidziwa. Chimbale mumagula kamodzi, sichidikira netiweki, ndipo chithunzi chake chimaposa cha mafilimu ambiri a pa intaneti chifukwa sichinafinyidwe kwambiri. DVD wamba imasunga 4.7GB, ya magawo awiri 8.5GB. Blu-ray, yomwe inatuluka mu 2006, imasunga 25GB kapena 50GB pa chimbale chofanana kukula. Chinsinsi chili pa kuwala kowerengera. DVD imawerengedwa ndi laser yofiira ya 650nm, pamene Blu-ray ndi laser yabuluu ya 405nm, yomwe nsonga yake ndi yopyapyala, motero imatha kuwerenga timadontho tothithikana kwambiri. Zotsatira zake mumaziona ndi maso: DVD ya kuno imapereka timadontho 720 m'mbali ndi 576 chotsika, pamene Blu-ray imapereka 1920 ndi 1080, mlingo umene amautcha 1080p.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. M'mashopu mwadzaza makatoni olembedwa "Full HD 1080p" ndi "HDMI" m'zilembo zikuluzikulu, mtengo wake wokoma. Ambiri mwa amenewo ndi ma DVD pleya basi. Chimene amachita n'kutambasula chithunzi cha DVD kuti chidzaze TV, monga muthira madzi mu tiyi kuti akwanire alendo. Mukaikamo chimbale cha Blu-ray amangozungulira n'kulemba "No Disc". Fufuzani chizindikiro cha Blu-ray Disc pa pleya penipeni, osati pa katoni. Pa katundu wa kaunjika mungapezenso cholembedwa HD DVD. Chimenecho chisiyeni. Unali mtundu wa Toshiba womwe unkapikisana ndi Blu-ray, ndipo kampaniyo inausiya mu 2008. Zimbale zake sizipangidwanso, ndipo pleya yake siiwerenga Blu-ray.

Tsono nayi mfundo yomwe ogulitsa sakonda kuimva. Ngati mukuonera chimbale cha 1080p kudzera pa chingwe cha HDMI, pleya yotchipa ndi yodula zimatumiza ku TV pafupifupi chithunzi chimodzimodzi. Ntchito yake ndi kuwerenga manambala n'kuwapereka. Ndalama zoonjezerazo mumagulira bokosi lolimba, kusachita phokoso, Wi-Fi, ndi kutambasula bwinoko DVD zakale. Kapleya kang'ono ngati Sony BDP-S1700 kapena Panasonic DMP-BD84 kamakwanira nyumba zambiri. Za Wi-Fi ine sindilipirirapo kanthu, chifukwa mapulogalamu a intaneti a m'mapleya akale ambiri anasiya kugwira ntchito. Chingwe cha HDMI nachonso, chotchipa chabwino chimagwira ntchito mofanana ndi chija amati chagolide.

Nanga 4K, chithunzi cha timadontho tambiri kuposa 1080p? Zimbale za Ultra HD Blu-ray zinayamba mu 2016, zimafika 66GB kapena 100GB, ndipo zimafuna pleya yakeyake, monga Sony UBP-X700 kapena Panasonic DP-UB820. Pleya zimenezi zimawerenganso Blu-ray wamba ndi DVD, koma pleya wamba singawerenge chimbale cha 4K ngakhale pa katoni atalemba "4K upscaling", komwe n'kungotambasula chithunzi. Ngati TV yanu ndi ya mainchesi 32 kapena 43 ndipo mumakhala kutali nayo, kusiyana kwa 1080p ndi 4K simukuona. Sungani ndalamazo mugule zimbale.

Tibwerere kwa bambo aja. Opanga mafilimu anagawa dziko m'zigawo, ndipo pleya imakana chimbale cha chigawo china ngati chinatsekedwa. Pa Blu-ray zigawo zilipo zitatu. A ndi America, Japan, Korea ndi mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. B ndi Africa yonse, Ulaya, Middle East, Australia ndi New Zealand. C ndi China, India, Russia ndi ena otsala. Ife tili mu B, pamodzi ndi South Africa ndi Britain, komwe kumachokera zimbale zambiri zimene abale amatibweretsera. Pleya ya bambo aja inali ya A, zimbale zawo za B. Si zimbale zonse zotsekedwa, zina kumbuyo kwa kabokosi zimalembedwa ABC ndipo zimalowa paliponse, ndiponso za 4K sizikhala ndi chigawo. Koma mukagula pleya ya chigawo cholakwika, kugula filimu kulikonse kumasanduka juga.

Pa DVD pali kamsampha kena, chifukwa zigawo zake n'zosiyana ndipo zimalembedwa ndi manambala. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili mu 5, pamene South Africa ndi Britain zili mu 2. Choncho pleya yochokera ku London kumbuyo imalembedwa B ndi 2. Kwa ambiri a ife imeneyo ndiyo yabwino, popeza ma DVD enieni omwe ali m'nyumba zathu ambiri anachokera kumeneko kapena ku Joni. Ubwino winanso, magetsi a ku Britain ndi 230V ngati athu ndipo pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu amakona. Ya ku South Africa magetsi ndi omwewo, mungosintha pulagi ya mano ozungulira ija. Ya ku Japan ndiye musamale nayo kawiri: ndi ya 100V, komanso ndi ya chigawo A. Ma DVD ojambulidwa konkuno, a ukwati, a chinkhoswe kapena a kwaya ya kutchalitchi, nthawi zambiri alibe chigawo, koma amakhala a PAL, mtundu wa kanema umene timagwiritsa ntchito kuno, ndipo mapleya ena a ku America amakana PAL. Ngati kumbuyo kwalembedwa 100-240V kapena 220-240V, za magetsi mulibe nazo nkhawa.

Yang'ananinso kumbuyo kwa TV yanu musanapite kumsika. Mapleya opangidwa kuyambira 2014 alibe kabowo kachikasu ka kanema kaja, malamulo oteteza mafilimu kuti asakopedwe anakathetsa. Amangokhala ndi HDMI. TV yakale ya chimsana yokhala ndi mabowo achikasu, ofiira ndi oyera singalumikizike mwachindunji, ndipo ngakhale mutagula kabokosi kosinthira, chithunzi chibwerera ku mlingo wa DVD.

Ambiri mugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Samsung inasiya kutulutsa mapleya atsopano mu 2019, LG nayo inasiya chakumapeto kwa 2024, ndiye zatsopano zomwe zatsala kwenikweni ndi za Sony ndi Panasonic. Popita kukagula, tengani zimbale zanuzanu: Blu-ray yeniyeni imodzi ndi DVD imodzi. Musalole wogulitsa akuyesereni ndi DVD yokha. M'kati mwa pleya muli ma laser osiyana, ndipo pa benchi yanga ndimaona kawirikawiri wabuluu atafa wofiira akugwirabe bwinobwino. Pleya yotero pa shopu imaoneka yamoyo, kunyumba mumapeza kuti mwagula DVD pleya pa mtengo wa Blu-ray. Ikani chimbale, mvetserani. Ikamalira kuti tche, tche, tche, n'kuyambiranso kuzungulira kangapo isanasonyeze kanthu, laser yatopa. Lumphani mufike chakumapeto kwa filimu, chifukwa yotopa imakonda kukakamira pa gawo lachiwiri la chimbale. Tsegulani ndi kutseka thireyi kasanu. Ikamachita ulesi, kawirikawiri ndi kalamba ka rabala kamene kafutukuka, ntchito yaing'ono yomwe mungatsitsire nayo mtengo. Koma laser ikafa, kupeza ina kuno n'kovuta ndipo mtengo wake ungafanane ndi wa pleya ina.

Rimoti musainyoze. Mapleya aang'ono ambiri ali ndi mabatani awiri okha, loyatsira ndi lotulutsira chimbale. Popanda rimoti mukhala mukuyang'ana menyu ya filimu osatha kudina "Play".

Tengani ndi flash yanu muyese pa USB, muone ngati ikutsegula mafayilo a kanema a MKV ndi MP4, komanso ngati ikuwerenga flash yofomatidwa mu NTFS, poti yofomatidwa mu FAT32 silola fayilo yopitirira 4GB. Zimbale za m'misewu zija zokhala ndi mafilimu khumi m'chimodzi ndi ma DVD ofinyidwa, kaya pa chikuto alembapo chiyani. Ndipo mapleya opangidwa kuyambira 2012 ali ndi chitetezo chotchedwa Cinavia: mafilimu ena okopedwa amasewera bwino mphindi pafupifupi 20, kenako mawu zii, uthenga n'kutuluka pa TV. Anthu amandibweretsera pleya akuti yawonongeka, pomwe ilibe vuto lililonse.

Ngati m'nyumba muli kale PlayStation 3, PlayStation 4 kapena Xbox One ya chimbale, pleya muli nayo. Xbox One S ndi PlayStation 5 ya chimbale zimawerenga ndi za 4K zomwe. Kungoti zimadya magetsi ambiri kuposa kapleya kang'ono, komwe kamangofuna mawati pafupifupi 10, ndiye a sola ndi inveta muganizirepo. Pa ndalama zomwe mwapulumutsa, gulani TV guard, chifukwa zida zambiri zimapsa magetsi akamabwerera atazima. Ndipo kansalu koluka kokongoletsa kaja muziyala pleya ikakhala yozima, osati ikugwira ntchito.

Bambo aja ndinawaikira bolodi yolandira 230V, ndipo pamwamba pa pleya ndinamata kapepala kolembedwa A wamkulu kuti asaiwale. Zimbale tsopano amaitanitsa kwa mng'ono wawo yemweyo. Za ku Johannesburg zija anazisiya pa shopu, ndi zomwe ndimayesera mapleya a makasitomala.