Zida zitatu ndi foni yozimitsa

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yojambula nyimbo, ndipo ambiri obwera mu situdiyo ndi anyamata akwathu amene masana amagwira m'magadeni ku Randburg kapena kusoka zovala ku Fordsburg. Mawu ali nawo, luso lilipo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti nyimbo zawo zikumafanana ngati zaphikidwa mumphika umodzi, ndipo ine mlandu ndimauika pa foni.

Khutu limasunga zimene lamva kawirikawiri. TikTok ndi YouTube zimaona pamene mwachedwapo n'kukubweretserani zina zonga zomwezo, moti mukaonera amapiano mu takisi kuchokera ku Bree mpaka ku Cosmo City, mawa lake mupezamo amapiano okhaokha. Usiku mukati mupeke nyimbo, chala chimathamangira log drum yomwe ija, ng'oma ya besi yodziwika mu amapiano, inu n'kumayesa kuti yachokera mumtima mwanu. Ndalama nazo zimakokera komweko. Ku Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa munthu akaimvetsera masekondi 30, choncho oyimba ambiri amathamangitsa kolasi kuti ifike msanga.

Ndiye woyimba akabwera ndimamuikira malire tisanayambe: zida zitatu ndi mawu ake basi, ngakhale FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo, ili ndi kulira kwa zida kosawerengeka. Poyamba amadandaula, amaona ngati ndikumumana. Koma zosankha zikachuluka, usiku wonse umathera posankha. Zikachepa, munthu amayamba kusintha zina: pomwe akumenya ng'oma, mphamvu yomenyera, pomwe akusiya mpata opanda kanthu. Apa m'pamene kayimbidwe kake kamaonekera. Babatoni wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ali ndi nsambo imodzi, koma ndi botolo ndi kamtengo amavinitsa khamu. Kwela ya m'misewu ya mzinda uno m'zaka za m'ma 1950 inkayimbidwa ndi kachitoliro kotchipa kachitsulo, ndipo itafika ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba anaipatsa kakomedwe kawokawo. Sindikutamanda umphawi ayi. Iwo anachepekedwa osafuna, pamene ife tili ndi mwayi wodzichepetsera dala, kwa nthawi imene tasankha.

Malire ena ndi a khutu. Sabata yojambula ndimapempha woyimba asamvere nyimbo zatsopano za mtundu umene akupekawo. M'malo mwake amvere chinthu chimodzi chakale mpaka kumapeto, osadumphadumpha. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula bangwe ndi nyimbo za amayi za pamtondo ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo nkhokwe ya nyimbozo anaikhazikitsa ku Roodepoort konkuno mu 1954 isanasamukire ku Rhodes University. Mvetserani mmene misi iwiri imasinthanirana mumtondo, wina akutsitsa wina akukweza, kenako yesani kuika kasinthanidwe komweko pakati pa ng'oma ndi besi.

Malirewa ndimawachotsa nyimbo ikaima payokha ndi zida zitatuzo. Ngati chida chachinayi chikufunikadi, timachiwonjeza pamenepo, woyimba atanena yekha mpata umene chikukadzaza.