Lilongwe, mzinda umene unayambira papepala

Mlendo akatsika basi ku depoti ya Lilongwe n'kumafuna ku Area 25, asanamizike kuti akafika ku Area 24 ndiye kuti watsala pang'ono. Area 24 ili kum'mwera, cha ku Ngwenya, pomwe Area 25 ili kumpoto, kupitirira mafakitale a ku Kanengo. Area 18 yayandikana ndi Area 43, ndipo Area 47 siili patali ndi Area 15. Manambalawa sanatsate mmene malo ayalidwira. Ankaperekedwa malinga ndi mmene akuluakulu a mapulani ankagawira madera, lero uku, mawa uko. Ife okhala muno tinazolowera moti sitionanso chachilendo, koma pamanambala osokonekerawa ndi pamene pabisala mbiri ya mzindawu. Lilongwe anayamba wajambulidwa ndi anthu akutali, kenako anthu enieni anabwera n'kumanga wina pambali pake.

Dzinali ndi la mtsinje. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, ndipo m'mbali mwake munali midzi ya Achewa kalekale mzungu asanaponde kuno. Mu 1902 boma la atsamunda linakhazikitsidwa m'dera la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 malowa anasanduka likulu la chigawo chimene azungu ankachitcha Central Angoniland. Sipanatenge nthawi amwenye anafika n'kutsekula magolosale kutsidya kwa mtsinje, komwe mpaka lero kuli msika waukulu, mizikiti ndi mseu wa Malangalanga. Linali boma wamba ngati Dowa kapena Dedza: bwanamkubwa, apolisi owerengeka, ndende, ndi anthu obwera kudzakhoma msonkho.

Chimene chinaukweza ndi fodya. Cha mu 1920 mzungu wina, A. F. Barron, anatsekula esiteti ku Mbabzi n'kuyamba kupereka mbewu kwa alimi akumudzi kuti azilima fodya wa chikopa, iye n'kumawagula. Dothi la katondo la m'chigwa cha Lilongwe linamuyanja fodyayo, ndipo m'zaka zochepa alimi anachuluka kwambiri moti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Komanso pano ndi pamphambano. Mseu wochokera ku Blantyre kupita kumpoto umakumana ndi wochokera kunyanja ku Salima kupita ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Mu 1947 Lilongwe anapatsidwa ulemu wokhala tauni. Ngakhale zinali choncho, kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000.

Nthawi yonseyi likulu linali ku Zomba, kuyambira 1891 m'masiku a Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda. Azungu ankaikonda Zomba chifukwa cha mphepo yozizira ndi madzi otsetsereka m'phiri, koma malo omangapo anali ochepa, ndipo chuma chonse, njanji, masukulu ndi mafakitale zinaunjikana kum'mwera. Chigawo chapakati ndi kumpoto kunali kotolako anthu a ganyu opita ku Joni ndi ku Halale. Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda kunena kuti ali m'ndende ku Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru ku Zimbabwe, mu 1959 ndi 1960, analota zinthu zitatu: yunivesite, mseu wa m'mbali mwa nyanja, ndi kusamutsa likulu kupita ku Lilongwe. Dziko litangolandira ufulu mu 1964 anayamba kukankha nkhaniyi. Mfundo yake inali yomveka, yoti chitukuko chikwere kumtunda. Koma panalibe amene sankadziwa kuti Ngwazi kwawo ndi ku Kasungu, ndipo mphamvu za chipani chake zinali pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati. Ine ndimaona kuti zifukwa ziwirizi zinayendera limodzi, ndipo n'kutaya nthawi kulimbana kuti chenicheni ndi chiti. Si mwangozi kuti 1968, chaka chimene ntchito yomanga likulu inayamba, ndi chaka chomwenso Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko.

Ndalama ndiye zinavuta. Britain, yemwe panthawiyo ankathandizira ngakhale bajeti ya tsiku ndi tsiku ya boma, anakana. Anati dziko losauka chonchi lili ndi zina zofunika kuposa kumanga maofesi patchire. Kamuzu sanali munthu womva zoterozo. Anatembenukira ku South Africa, dziko limene Africa yense ankalisala chifukwa cha tsankho, ndipo Malawi anali atatsekula nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Boma la John Vorster linapereka ngongole ya ma rand 8 miliyoni, mapulani a mzinda anajambulidwa ndi akatswiri a ku Johannesburg, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation linapatsidwa mphamvu zotenga malo, kumanga ndi kukopa amalonda. Vorster anabwera kudzacheza mu 1970, Kamuzu n'kubweza ulendowo mu 1971. Atsogoleri anzake a mu Africa anamunyoza kwambiri, iye osatekeseka.

Apa ndi pofunika kuimapo, chifukwa Lilongwe amene timavutika nayeyu anabadwira patebulo limenelo. Ojambulawo ankafuna mzinda wa mitengo ndi kapinga, wotambasuka, umene pambuyo pake unadzagawidwa m'zigawo zinayi zondondozana kuchokera kum'mwera kupita kumpoto: tauni yakale, Capital Hill ndi City Centre, Kanengo, ndi Lumbadzi. Pakati pa zigawozi anasiya nkhalango ndi madambo. Nyumba anazigawa potengera thumba la munthu. Akuluakulu a boma ndi akazembe anapatsidwa mapuloti akuluakulu ku Area 10, 12 ndi 43, kufupi ndi maofesi. Makalaliki anapita ku Area 18. Anthu wamba anapatsidwa malo oti adzimangire okha, okhala ndi chimbudzi chokumba ndi mpopi wa onse, ku Kawale, Chilinde, Area 23 ndi Area 25, kutali ndi kumene kuli ntchito. Palibe lamulo limene linalekanitsa anthu potengera khungu, koma amene anakhalako ku Joni akaona mmene olemera atalikirana ndi owagwirira ntchito, ndi tchire pakati, sachedwa kuzindikira dzanja limene linajambula. Unali mzinda wa munthu wagalimoto m'dziko limene pafupifupi aliyense ankayenda wapansi. Midzi imene inapezeka mkati mwa malire atsopano inauzidwa kuti isamuke, kusiya minda ndi manda.

Lilongwe analengezedwa kukhala likulu mu 1975. Zina zinatsatira pang'onopang'ono: chipatala cha Kamuzu Central mu 1977, njanji yochokera ku Salima mu 1979 mothandizidwa ndi Canada, okushoni ya fodya ku Kanengo, ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi mu 1983. Koma boma lenilenilo linasamuka mokoka miyendo. Kamuzu mwini wake, amene analimbana ndi dziko lonse pofuna mzindawu, ankakhala ku Sanjika ku Blantyre. Nyumba yachifumu ya zipinda pafupifupi 300 imene anamangitsa kuno anangogonamo masiku owerengeka. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pamene aphungu anayamba kukumana m'nyumba yachifumu ija. Mu 2004 Bingu wa Mutharika anawatulutsamo n'kulowamo yekha, nalamula kuti nduna zonse zizigwirira ntchito ku Lilongwe. Aphungu anakhala osowa pokhala mpaka 2010, pamene nyumba yawo yomangidwa ndi China inatsekulidwa. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 mafuta ndi maalawansi a boma ankathera pamseu wa M1. Mpaka pano khothi lalikulu la apilo, msika wa masheya ndi malikulu a makampani ambiri akadali ku Blantyre.

Anthu wamba ndiye sanadikire kuitanidwa. Mu 1977 munali anthu pafupifupi 99,000, mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anafika 440,000. Kalembera wa 2008 anapeza 674,000, ndipo aka kanali koyamba Lilongwe kupitirira Blantyre. Mu 2018 chiwerengero chinali 989,318. Mapuloti ovomerezeka sakanakwanira khamu lotere, makamaka bungwe la Capital City Development Corporation lija litathetsedwa mu 1984, malo n'kugawidwa pakati pa unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation. Wofuna malo anatulukira njira yachidule: kupita kwa amfumu a m'mphepete mwa mzinda, kupereka kangachepe, kuumba zidina n'kumanga. Umu ndi mmene Chinsapo, Mtandire, Mgona, Kauma ndi Mtsiliza anakulira, ndipo ambiri mwa mayinawa ndi a midzi yakale imene mzinda unaimeza. N'zoseketsa kuti madera amenewa nawonso ali ndi manambala awo m'mabuku a khonsolo, koma palibe kondakitala amene amawaitanira. Lero anthu ochuluka a mu Lilongwe amakhala m'madera otere, osati m'ma Area a papepala aja.

Mtandire wagundana ndi Area 47. M'mawa uliwonse anthu amawoloka kupita kukalondera, kuchapa, kusesa ndi kulera ana m'nyumba za mipanda, madzulo n'kubwerera kunyumba za lendi kumene mabanja angapo amagwiritsa chimbudzi chimodzi. Kauma nayenso ali kuseri kwa Area 12, kufupi ndi nyumba ya pulezidenti. Ojambula anaiwala kuti nyumba iliyonse yaikulu imafuna anthu oitumikira, ndipo anthuwo sangalipire minibasi ziwiri tsiku lililonse.

Chuma cha mzindawu chimapuma ndi malipiro a boma. Akachedwa, ogulitsa nyama, eni mabala ndi malandilodi onse amadandaulira limodzi. Pamwamba pake pali mabungwe akunja ndi maofesi a akazembe, amene amakweza mitengo ya lendi ndi kudzaza mahotela ndi misonkhano. Nyengo ya fodya ikafika, cha mu Epulo, malole a mabelo amandanda ku Kanengo ndipo tauni imadziwa kuti alimi alandira. Ndalama za boma zili ndi mbali inanso, imene inaonekera poyera mu 2013 pamene nkhani ya Cashgate, yoba ndalama za boma, inaphulika ku Capital Hill. Koma ambiri sadya za ku Capital Hill. Amadya za kaunjika, za chiwaya cha tchipisi, za kabaza, za kuphwanya miyala ndi kukumba mchenga mumtsinje. Ku msika wa Tsoka ndi Lizulu, komwe mavenda anakankhidwira atachotsedwa m'misewu mu 2006, anyamata anamanga timilatho ta mitengo pamtsinje wa Lilongwe n'kumalipiritsa owoloka. Mvula ikakokolola, amamanganso. Sindidziwa chinthu china chimene chimaonetsa bwino mmene mzindawu umayendera kuposa timilatho timeneti.

Ngakhale ndi likulu, Lilongwe sanasiye kukhala mudzi wa Achewa. Gule wamkulu amatuluka m'mphepete mwa mzinda, ndipo si zachilendo kuona galimoto zikuima kuti chilombo chidutse popita kumaliro. Maliro akagwa, ngakhale m'dera la khonsolo, uthenga umayamba wafika kwa amfumu kapena kwa buloko lida, ndipo ndi iwo amene amapereka chilolezo cha kumanda. Pamwamba pa Uchewa umenewu pabwera Atumbuka ambiri ogwira ntchito m'boma, Ayao a malonda, Alomwe, Angoni a ku Ntcheu, amalonda a ku Burundi ndi Rwanda, a ku Nigeria, ndi Matchaina. Onsewa amakumana m'Chichewa cha m'tauni, chimene agogo a ku Mitundu amachimva mwa apo ndi apo. Ngakhale mpira umanena za mzindawu: Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya boma, Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks ndi ya asilikali. Koma Bullets kapena Wanderers zikabwera kuchokera ku Blantyre, m'pamene bwalo la Bingu limadzaza.

Walira mvula walira matope. Madzi amene mzinda umamwa amachokera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, ndipo onse amadalira nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango yomweyo ndi imene imaphikira Lilongwe nsima. M'bandakucha njinga zosenza matumba a makala zimakhala zili pamzere kulowa m'tauni, chifukwa magetsi ndi odula, ndi ozimazima, ndipo nyumba zambiri zilibe. Mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi, koma mfuti siingaletse malonda amene wogula wake ndi aliyense, kuphatikizapo amene amadandaula za mipopi youma. Mitengo ikatha, mvula imathamanga. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire, ana ena anachita kupulumutsidwa ndi helikopita. Chaka chomwecho anthu a ku Area 18 anapeza kuti madzi a m'mipopi mwawo asakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, nkhani n'kukathera kukhothi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inafika poti sukulu za mumzinda zinachedwa kutsekulidwa. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri pakhala mkangano wa ntchito yopopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima, mtunda wopitirira makilomita 100, madzi akuchita kukwera phiri.

Kumtunda kwa mzinda nako kwasintha nkhope. Malawi atasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, kunabwera Nyumba ya Malamulo, malo a misonkhano a Bingu ndi bwalo la mpira limene linatsekulidwa mu 2017. Pa Area 18 pali mseu wodutsa pamwamba pa unzake, ndipo mseu wa Kenyatta anaukuza kukhala wa mizere isanu ndi umodzi, atagwetsa mitengo yambiri imene inatsala kuchokera m'masiku a mzinda wa kapinga uja. Galimoto zikuyendako bwino, zimenezo n'zoona. Cha m'ma 6 koloko m'mawa, m'mphepete mwa misewu yatsopanoyi mumadzaza alonda oweruka, amayi osenza madengu a masamba ndi anyamata a ganyu ochokera ku Mtandire, Senti ndi Kauma, akudikira mpata woti athamange kuwoloka.