Maliro atatu tsiku limodzi, koma tsamba loyamba n'limodzi

Mu ofesi ya nyuzipepala imfa timaiyeza pasikelo, ndipo sikelo yake ilibe chisoni. Ndakhala pampando wa mkonzi zaka zambiri, choncho ndiulule: uthenga wa maliro ukafika, sitiyamba n'kufunsa zimene malemuwo anachita pamoyo wawo. Timafunsa kuti afa bwanji, anali paudindo wanji, nanga chithunzi chilipo? Tsiku limene limaonetsa bwino khalidwe lathuli ndi Lachisanu pa 22 Novembala 1963.

Woyamba kutsamira mkono tsikulo anali C.S. Lewis, wolemba mabuku wa ku Britain. Cha m'ma 5:30 madzulo, kunyumba kwake ku Oxford, mkulu wake Warren anamva chinthu chikugwa kuchipinda. Atathamangirako anapeza mng'ono wake ali pansi, ndipo patangopita mphindi zochepa anamwalira. Impso zinali zitamuvuta kwa nthawi yaitali. Kunali kutatsala sabata imodzi yokha kuti akwanitse zaka 65.

Patatha pafupifupi ola limodzi, ku Dallas nthawi ili 12:30 masana, zipolopolo zinapeza pulezidenti wa America, John F. Kennedy, ali m'galimoto yopanda denga, mkazi wake Jacqueline ali pambali pake. Kuno ku Nyasaland inali 8:30 usiku, ambiri atadya kale nsima. Madokotala a pachipatala cha Parkland analengeza za imfa yake 1 koloko. Kenako madzulo ake ku Los Angeles, wolemba mabuku wina, Aldous Huxley, wa zaka 69, anatsirizika ndi khansa yapakhosi.

Ndiye khalani inuyo mkonzi usiku umenewo. Kuli pulezidenti wa America wa zaka 46, woomberedwa dzuwa likuswa mtengo anthu akuona, mkazi wake malaya ali magazi okhaokha, wachiwiri wake Lyndon Johnson akulumbiritsidwa m'ndege. Kwinaku kuli madoda awiri olemba mabuku amene amwalira pakhomo atadwala. Tsamba loyamba n'limodzi. Ndipo nkhani ya Kennedy sinazizire: patapita masiku awiri, Lee Harvey Oswald, amene anamangidwa pomuganizira kuti ndiye anawombera, nayenso anawomberedwa ndi Jack Ruby makamera a TV akujambula. Mbiri za akuluakulu odwala timazilemberatu n'kuzisunga m'kabati, koma kulemberatu sikuthandiza ngati malo palibe.

Kennedy sindikumunyoza ayi. Analowa m'boma ali ndi zaka 43, Mkatolika woyamba kukhala pampandowo, ndipo mu Okutobala 1962 iye ndi Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, anabweza dziko lapansi pakamwa pa nkhondo ya mabomba a nyukiliya pa nkhani ya mizinga ya ku Cuba. Ifenso anatikhudza: bungwe la Peace Corps limene analikhazikitsa mu 1961 linayamba kutumiza achinyamata kuno mu 1963 momwemo, ambiri kudzaphunzitsa m'masekondale. Koma analamulira zaka zosakwana zitatu, ndipo zambiri zimene timamukumbukira nazo n'zimene akanachita akanakhala ndi moyo.

Awiri enawo ntchito yawo anali ataimaliza, ndipo apa m'pamene ndimachedwapo.

Lewis anabadwira ku Belfast mu 1898. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 9, ndipo ali mnyamata anasiyiratu zokhulupirira Mulungu. Anavulala kunkhondo ku France mu 1918, n'kubwerera ku Oxford komwe anaphunzitsa pafupifupi zaka 30 asanapite ku Cambridge. Chikhristu anabwereranso mu 1931, atakambirana usiku wonse ndi anzake, mmodzi mwa iwo wolemba mabuku mnzake J.R.R. Tolkien. Pa nkhondo yachiwiri ankalankhula za chikhulupiriro pa wailesi ya BBC, m'chinenero choti msilikali ndi wogulitsa m'sitolo amve, ndipo nkhanizo zinadzakhala buku la Mere Christianity. Kenako munthu amene sanaberekepo mwanayu analembera ana mabuku 7 a Narnia. Anakwatira atakula, mkazi wake Joy n'kumwalira ndi khansa mu 1960, ndipo buku limene analemba ali namfedwa silibisa kuti chikhulupiriro chake chinagwedezeka.

Huxley anali wa mtundu wina. Agogo ake, Thomas Henry Huxley, ndi aja ankaikira kumbuyo maganizo a Charles Darwin mopanda mantha, ndipo mdzukuluyu ankafuna udokotala. Matenda a maso anamugwira ali ndi zaka 16, anatsala pang'ono kukhala wakhungu, maloto aja n'kuthera pompo. Anaphunzitsako Chifalansa pa sukulu ya Eton, komwe mmodzi mwa ana ake a sukulu anali Eric Blair, wolemba mabuku amene dziko linadzamudziwa kuti George Orwell. Mu 1932 anatulutsa Brave New World, nthano ya dziko limene anthu salamulidwa ndi chikoti koma ndi zosangalatsa komanso mapiritsi ochotsa nkhawa. Ndikaona minibasi yonse aliyense wazyolikira pafoni, ndimamukumbuka mkuluyu. Chodabwitsa n'chakuti iye mwini anadzayamba kuyesa mankhwala osokoneza bongo pofuna kufufuza zauzimu. Tsiku lomaliza, mawu atatha, analembera mkazi wake Laura pakapepala kuti amubaye LSD, amodzi mwa mankhwalawo, ndipo anamubayadi.

Taonani mmene anasiyanirana: mmodzi ankadalira boma ndi ndale, wina Khristu, winayo ankafufuza m'kati mwa maganizo a munthu. Tsiku wamba, aliyense mwa awiri olembawa akanatenga tsamba lathunthu. Ine ndinachitapo zomwezi: usiku wina ndinachotsa patsamba loyamba mbiri ya mphunzitsi wokalamba amene anaphunzitsa theka la ofesi yathu, chifukwa basi inali itagubuduzika. Ndinaiika tsamba 9, pansi pa malonda a feteleza. Mwana wake anaimba foni m'mawa mwake, ine n'kusowa chonena.

Maliro a Kennedy pa 25 Novembala anabwera atsogoleri a mayiko ambirimbiri. Maliro a Lewis anachitika tsiku lotsatira pa tchalitchi cha Holy Trinity ku Headington Quarry, anthu ake ochepa, ndipo Warren, chisoni chitamukulira, sanapite n'kumanda komwe. Mwala wa chikumbutso cha Lewis m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London unadzaikidwa pa 22 Novembala 2013, patatha zaka 50.